MBIRI YA MASITORO A KU DEDZA, NDI MAU AMENE ANATISIYIRA

M'tauni ya Dedza, pa tsinde la phiri, zikalipo nyumba zakale za njerwa zoyang'ana ku mseu, za makonde otambalala ndi nsanamira zace. Ana a masiku ano azipitirira osafunsa kuti anazimanga ndani, kapena kuti munali ciani m'menemo. Ndipo akuru amene anagulamo nsaru yao yoyamba alikutha mmodzi mmodzi. Cifukwa cace tayesa kusonkhanitsa pano mbiri ya malonda a ku mapiri kuno, pamodzi ndi mau amene malondawo analowetsa m'cinenero cathu. Cimene tifuna kuti owerenga acione ndi ici: masitoro anadza ndi alendo, nacoka ndi alendo, koma nzeru ya malonda imene anthu a kuno ali nayo inakulira pa khonde la sitoro ndi pa msika, ndipo iyo siinacoke.

I. Masitoro asanadze

Asayese munthu kuti makolo athu anali osadziwa malonda kufikira atabwera Azungu. Pansi pa mapiri athu, pafupi ndi Mtakataka, pali malo ochedwa Mankhamba, pamene panali mzinda wa Kalonga, mfumu ya Amaravi. Anthu ofukula zakale, motsogozedwa ndi Yusuf Juwayeyi, anapeza m'nthaka ya pamenepo mikanda ya galasi, mapale a mbale za ku China, zipangizo za mkuwa ndi zidutswa za minyanga ya njobvu. Zinthu zotere sizimera m'munda. Zinayenda ulendo wa miyezi yambiri, kucokera ku nyanja yamcere, zirikupatsirana m'manja mwa anthu a mitundu yosiyana, kufikira zinafika kwa Kalonga.

Koma malonda a munthu wamba anali a pafupi. Wosula zitsulo anali kutulutsa makasu, nkhwangwa ndi mipeni. Akazi anaumba mbiya ndi miphika. Amuna analuka malicero, madengu ndi mphasa, ena naomba nsaru za thonje. A ku nyanja anakwera phiri atasenza nsomba zouma, natsika ndi cimanga ndi nyemba za kumtunda. Panalibe ndarama, cinthu cinagula cinzace. Nkhuku inagula khasu, khasu linagula mbuzi likaphatikizidwa ndi ena, ndipo mtengo unali cimene anthu awiri anabvomerezana atakhala pansi.

M'zaka za m'ma 1800 anafika Ayao, amene ena a iwo anakhazikika m'dziko lino, monga a kwa Tambala. Iwo anadza ndi nsaru, mikanda, mfuti ndi wonga, nafuna minyanga ndi anthu. Tisabise: malonda amenewo anali ndi mwazi, pakuti anthu anagulitsidwa monga mbuzi. Anafikanso Angoni a kwa Maseko, namanga ku Domwe, ndipo nkhondo zao zinathawitsira Acewa ambiri m'mapiri ndi m'mapanga. Pa nyengo yotere munthu sakanamanga nyumba ya katundu pambali pa njira, naigoneka usiku wopanda mlonda. Sitoro ifuna mtendere ndi mseu.

II. Mandala ndi Kandodo

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angelezi m'caka ca 1891, ndipo mphamvu ya Angoni inathyoka m'caka ca 1896, pamene Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikari a Boma. Pambuyo pace panadza msonkho wa nyumba, umene poyamba unali masheleni 3 pa caka. Msonkho umenewu ndiwo unaphunzitsa anthu ndarama, pakuti Boma silinafune mbiya kapena mphasa. Munthu anayenera kugwira nchito kwa Mzungu, kapena kugulitsa zokolola zace. Ndipo ndarama ikatsalako pa msonkho, inafuna kopita. Pamenepo ndipo sitoro inapeza malo.

Kampani yoyamba ya malonda inayambidwa ku Glasgow m'caka ca 1878, ndipo oiyendetsa kuno anali abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir. Dzina lace la m'makalata linali African Lakes, koma anthu sanabvutike nalo. John Moir anabvala magalasi a maso, ndipo poona kunyezimira kwace anthu anamucha Mandala. Dzinalo linacoka pa munthu, linapita pa nyumba yace ya ku Blantyre, yomangidwa m'caka ca 1882, imene ikalipo lero, ndipo potsiriza linafika pa sitoro iri yonse ya kampaniyo m'maboma a dziko lino. Momwemonso kampani ya London and Blantyre inachedwa Kandodo, ndipo akuru amati cifukwa cace cinali kandodo kamene Mzungu wace anali kuyenda nako. Onani mwambo wa anthu athu: sacha mlendo dzina limene iye adza nalo, koma limene maso ao amuonera.

Katundu wa masitoro amenewa anayenda pa mitu ya anthu. Njanje inafika ku Blantyre m'caka ca 1908, koma kucokera kumeneko kudza kuno amtengatenga anasenza mitolo ya nsaru, mabokosi a sopo ndi matumba a mcere masiku ambiri, nagona m'njira, nakwera zitunda mapazi ali osabvala. Pamene njanje inapitirira kufika ku Salima m'caka ca 1935, inadzera ku Golomoti, pansi pa mapiri athu, ndipo katundu anayandikira. Pomwepo magalimoto a katundu anayamba kucuruka, ndi nchito ya mtengatenga inazirala.

III. Sitoro ya Mmwenye

Koma sitoro imene anthu a ku Dedza aikumbukira koposa ndiyo ya Mmwenye. Amwenye ambiri amalonda anacokera ku dera la Gujarat m'dziko la India. Ena anali Asilamu, ena Ahindu. Macitidwe ao anali otere: wamkuru anakhala ku Limbe kapena ku Blantyre ndi nyumba yaikuru ya katundu, naitana mbale wace wamng'ono kucokera kwao, namphunzitsa nchito zaka zingapo, nampatsa katundu pa ngongole kuti akatsegule sitoro ku boma lakutali. Wamng'onoyo akakhazikika, anatsegulanso tisitoro tating'ono ku midzi, naikamo munthu wa kuno wodziwa kulemba ndi kuwerengera. Cotero unyolo umodzi unayambira ku doko la Beira, kudzera ku Limbe, kufika ku boma la Dedza, ndi kutsirizira pa kasitoro ka udzu pa mphambano ya njira.

Mamangidwe a sitoro anali amodzi pafupifupi ponse ponse: kutsogolo khonde, m'kati cipinda ca malonda ndi thebulo lalitali lolekanitsa wogula ndi wogulitsa, kumbuyo nyumba yogona mwini ndi banja lace. M'mashelefu munali nsaru zopindapinda: biriwita wakuda, merikano woyera, kaki wa akabudula, ndi nsaru za maluwa za akazi. Kudenga kunalendewera nyali, ndowa ndi maketulo. Pansi panali makasu, matumba a mcere ndi a shuga, zitini za palafini. Pa thebulo sikelo, mikanda, singano, ulusi, macesi, malezala ndi timagalasi toonera nkhope. Popeza kwathu kuno nkozizira, pakuti tauni ya Dedza iri pamwamba koposa matauni ambiri a m'dziko lino, bulangete linali katundu wofunika. Miyezi ya June ndi July, mwini sitoro analiyala poonekera.

Kugula sikunali kwa cangu. Mkazi anacokera ku Kasumbu kapena ku Kaphuka mbandakuca, nafika dzuwa litakwera, nayamba wakhala pa khonde kupumula. Polowa anagwira nsaru iyi ndi iyo, naikoka kuti aone kulimba kwace, nafunsa mtengo, naukana, nacita ngati alikucoka. Mwini sitoro anamuitananso m'Cinyanja cace copotoka, natsitsako kobiri. Akamvana, wogula sanacoke wopanda banyira: kamcere ka m'dzanja, singano, kapena switi ya mwana wa kumbuyo. Sitoro yomana banyira inachuka msanga m'midzi, ndipo anthu anailambalala.

Sitinena kuti zonse zinali zokoma. Panali madandaulo a miyeso yoperewera, a malipiro ocepa a anyamata a m'sitoro, ndi a kudzipatula kwa eni masitoro, amene anakhala pakati pathu zaka zambiri osadya nafe. Panalinso lamulo la Boma la Atsamunda lakuti ngongole yaikuru yopatsidwa kwa munthu wakuda siingafunsidwe ku bwalo la milandu. Analiika ponena kuti alikucinjiriza anthu. Koma cipatso cace cinali cakuti eni nyumba zazikuru za katundu anaopa kukongoza munthu wa kuno, ndipo iye, ngakhale anali wanzeru, sanathe kudzaza mashelefu monga mnzace wa ku India. Ici ndico cifukwa cimodzi cacikuru cimene masitoro a anthu akuda anakhalira ang'ono.

IV. Khonde

Tsono tifike pa khonde, pamene pali mtima wa nkhani yathu. M'kati mwa sitoro munali mwa mlendo, koma khonde linali lathu. Pamenepo panakhala telala ndi makina ace opalasa ndi phazi. Munthu akagula nsaru m'kati, anatuluka nayo nampatsa telala, ndipo pofika madzulo anabwerera kwao ndi malaya. Telala anali ndi mnyamata womthandiza kusoka mabatani ndi kusita ndi simbi ya makala, ndipo mnyamatayo patapita zaka anakhala telala pa khonde lina. Pambali pace panali wokonza njinga, wosoka nsapato, wokhoma zidebe ndi mbaula, ndi wolembera anthu makalata opita ku Harare ndi ku Joni. Ambiri a iwo anaphunzira kulemba ndi kuwerengera m'sukulu za misyoni: za Nkhoma, yoyambidwa m'caka ca 1896, ndi Mphunzi, za Mua, ya 1902, ndi Bembeke, ya 1910.

Pa khonde panamveka mbiri ya dziko. Wobwera ku migodi anayamba waima pamenepo kuti anthu aone jekete lace. Mfumu yopita ku boma inapumulapo. Mkazi wa mwamuna wocona anafunsapo ngati wina anamuona. Ndipo pa khonde pomwepo anyamata anaphunzira ndi maso cinsinsi ca malonda: kuti phindu liri m'kobiri lobwerezabwereza, kuti ndarama ya katundu siidyedwa, kuti buku la ngongole lilembedwa tsiku lomwelo.

Amuna ambiri a kuno anapita ku minda ndi ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, ena pa okha, ena kudzera kwa Wenela. Wanzeru anabwerako ndi makina osokera, kapena njinga, kapena ndarama zomangira kantini pa mudzi, mogulitsa mcere, sopo ndi palafini wa m'kabotolo. Ena anatsegula nyumba za tiyi, mogulitsa tiyi wamkaka ndi masikono kwa anthu a pa ulendo. Ena anapha ng'ombe tsiku la msika. Ena, pambuyo pace, anagula zigayo, zimene zinapumitsa akazi ku mtondo. Njira imeneyi inaphwanyika m'caka ca 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu. Makantini ambiri a m'midzi anamva kuuma kwa citsime cimeneco.

V. Za mau a malonda

Popeza kalata yathu ino isamala za cinenero, tiime pang'ono pa mau. Tsinde lakuti gula ndi lathu lakale, ndipo libala ana monga mwa malamulo a Cicewa: kugula, kugulitsa, kugulira wina, kugulana, ndi kugulika, ponena za cinthu cimene cipeza ogula msanga. Athunso ndi mau akuti malonda, msika, kutsatsa, kunenerera, phindu, ndi kupikula, ndiko kugula zambiri pamodzi kuti ukagulitse pang'ono pang'ono. Kucuruka kwa mau amenewa ndi umboni wina wakuti malonda sanadze ndi sitima.

Mau awiri asokoneza alendo ophunzira cinenero cathu. Mtengo ndi comera ca m'nkhalango, ndiponso ndi ndarama zimene cinthu cigulidwa nazo. Kukongola ndi kuoneka bwino, ndiponso ndi kutenga cinthu kuti udzabweze. Wopereka ndiye akongoza, ndi cotengedwaco ndi ngongole. M'kulemba mau awa afanana, koma nkhani yace ndiyo imasulira, ndipo mwana wa kuno saphonya.

Mau obwereka aonetsa njira zimene katundu anadzera. Kwa Apwitikizi, amene malire ao anali pafupi ndi tauni yathu, tinatenga nsapato, kalata, mbatata, kapitao ndi kobiri. Ku Ciswahili tinatenga boma. Ku Cingelezi tinatenga sitoro, telala, sikelo, sopo, shuga, macesi, bulangete ndi buledi. Ndipo tiki anadza ndi obwera ku South Africa. Onse tinawaveka zobvala zathu, pakuti liu la Cicewa silitha ndi lemba losatsegula pakamwa, ndiponso liri lonse lilowa m'gulu lace la maina: sitoro yathu, masitoro athu; telala wathu, matelala athu.

Nsaru poyamba inayesedwa ndi thupi la munthu: mkono, kucokera pa cigongono kufika ku nsonga ya cala, mkwamba, manja onse awiri atatambasuka. Pambuyo pace inadza yadi ya pa thebulo. Ndarama zinali izi: makobiri 3 tiki, makobiri 6 sikisi, makobiri 12 sheleni, masheleni 20 paundi. Makobiri ena anali obooka pakati, ndipo amai anawatunga pa cingwe. M'caka ca 1971 zonsezi zinalowedwa m'malo ndi Kwacha ndi tambala, Kwacha imodzi kulingana ndi masheleni 10. Koma kufikira lero munthu wosauka amati, ndiribe ndi kobiri lomwe, cinkana sanalione kobirilo ndi maso.

VI. Kucoka kwa Amwenye

Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, Boma linafuna kuti malonda a m'midzi akhale m'manja mwa eni dziko. M'caka ca 1970 Amwenye analamulidwa kucoka m'malo a malonda a ku midzi, ndipo pofika 1978 anasonkhanitsidwa m'mizinda ikuruikuru, monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Masitoro a ku Dedza, ndi a m'malo ang'ono ozungulira, anagulitsidwa kapena kutsekedwa. Mabanja amene ana ao anabadwira kuno anapakira katundu pa malole. Ena sanakhalitse m'mizindamo, napitirira ku Britain.

Ambiri anakondwa, poyesa kuti tsopano cuma ca sitoro cidzakhala cathu. Koma ogula nyumbazo anapeza kuti anagula zipupa ndi mashelefu okha. Unyolo wa ngongole ndi wa magalimoto, umene unadzaza mashelefuwo, unapita ndi eni ace. Boma linayesa kutseka mpatawo ndi masitoro opikulitsa a Chipiku, amene dzina lao licokera ku liu lija lakuti kupikula, ndi masitoro a PTC. Komabe nyumba zambiri zinakhala zotseka zaka zambiri, zina zinasanduka mogulitsira mowa, ndipo anthu anayenda mitunda yaitali kufuna cinthu cimene kale anacigula pafupi. Kunalinso bvuto la cibale: mwini sitoro wa kuno anali ndi amalume, alongo ndi adzukulu, amene sakanawakaniza shuga pa maliro, ndipo mwambi wakuti kupatsa ndi kuika, umene uli woona pa mudzi, unagwetsa masitoro ambiri amene analibe buku. Amene anaima ndiwo aja anakulira pa khonde, odziwa kulekanitsa thumba la sitoro ndi thumba la banja, osataya ulemu kwa abale.

Cinanso cinasintha tauni ndi mseu. Mseu waukuru wa tara wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre udutsa pambali, wosalowa pakati pa masitoro akale. Ndipo Lilongwe, imene iri pa mtunda wa makilomita ngati 85, itakhala likuru la dziko m'caka ca 1975, munthu wofuna katundu wamkuru anangokwera basi. Malonda atsata mapazi a anthu. Mapazi akasamuka, sitoro itsala yokha.

VII. Msika

Cimene sicinagwe m'zaka zonsezi ndi msika. Misika ya Bembeke, Cimbiya, Linthipe, Lobi, Mayani, ndi wa Lizulu ku malire a Ncheu, ikali kusonkhanitsa anthu monga mwa masiku ace. Mbatata ya kacewere, kabici, nyemba, tomato, anyezi ndi mapicesi za kumapiri kuno zidyedwa m'mizinda yonse ya dziko. Mbali ina mseu ndiwo malire eni eni, kotero kuti wogulitsa akhala ku Mozambique, wogula naima ku Malawi, onse olankhula cinenero cimodzi. Pa nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986 kufikira mtendere wa 1992, anthu a ku Angonia anathawira kuno ambirimbiri, ndipo misika yomweyi inawalandira, nikula nao. Ndipo luso lakale la dothi linapeza njira yatsopano pamene nyumba youmba mbiya ya Dedza Pottery inatsegulidwa m'caka ca 1987.

Msika ulimba cifukwa sufuna cuma cambiri poyamba, ndiponso suli wa munthu mmodzi kuti lamulo limcotse. Mai wa dengu limodzi la tomato ali ndi malo ace pamenepo, monga anali nao agogo ace a mbiya. Koma msika wokha sukwanira kulemeretsa dziko. Tifunanso masitoro okhazikika, amene mwana alandira kwa atate wace nawakuza. Cimene mbiri iyi itiphunzitsa ndi cakuti sitoro siima ndi njerwa, koma ndi kukhulupirika: wopikulitsa akhulupirire wogulitsa, wogulitsa asunge muyeso woona, wokongola abweze pa tsiku lace.

Potsiriza tipempha aphunzitsi ndi ophunzira a m'sukulu za kuno kuti acite nchito imene ife taingoyamba. Pitani kwa akuru amene anasoka pa makonde, amene anayeza mcere pa sikelo, amene anasenza katundu wa masitoro. Afunseni kuti sitoro yakuti inali pati, anthu anaicha dzina lanji ndi cifukwa cace, bulangete linagulidwa masheleni angati, ndi mau ati a malonda amene lero samvekanso. Lembani zimene adzakuuzani monga momwe azinenera, osakonza Cicewa cao. Maina a makampani ali m'mabuku a Boma ndipo sadzatayika; koma maina a matelala, a ophika tiyi ndi a amtengatenga ali m'mitu ya okalamba okha, ndipo nthawi yowafunsa ndi ino.